Nyama Yocokera Kumudzi: Phunziro la ku Cigwa ca Gwembe

Mabanja ambiri a m'komboni ya Kawama, kaya ya ku Kitwe kapena ya ku Ndola, satha caka osalandirako katundu wocokera kumudzi. Mlendo akatsika basi amakhala ndi thumba la nshawa, kadengu ka masau, kacigubu ka mkaka wosasa, ndipo pansi peni-peni pa thumba pamapezeka zidutswa za nyama youmika zokulunga m'nyuzipepala. Ndiwo za nyama n'zodula m'tauni, motero palibe mayi amene angakwinye nkhope poona mphatso yotere. Koma nyama iriyonse iri ndi mbiri yake, ndipo kuti banja lidziwe nthawi yoyamika ndi nthawi yokana, lifunika kudziwa umoyo wa kumene nyamayo yacokera. Phunziro la sabata ino likamba za umoyo wa alimi oweta ng'ombe a ku cigwa ca Gwembe, ndiponso za matenda a anthrax amene anabuka kumeneko m'caka ca 2023 ndi kumveka pafupi-fupi m'dziko lonse.

Dziko la dzuwa

Cigwa ca Gwembe ciri m'Cigawo ca Kum'mwera, m'mbali mwa nyanja ya Kariba, ndipo muli maboma monga Siavonga, Gwembe ndi Sinazongwe. Kucoka ku Kitwe kukafika ku Sinazongwe ndi ulendo wa makilomita oposa 600, kudzera ku Lusaka, Mazabuka ndi Monze, kukapatuka pa Batoka ndi kutsika mapiri. Munthu wozolowera mvula ya kuno ku Migodi, imene imapitirira mamilimita 1,000 pa caka, angadabwe akafika kumeneko. Zaka zambiri mvula ya kucigwa siifika ngakhale pa mamilimita 800, imayamba mocedwa, ndipo imatha kudula pakati cimanga citangoyamba kumasula ngaiyaye. M'mwezi wa Okutobala kutentha kumafika pa madigiri 40. Mitsinje imauma ndi kutsala mcenga wokha, mitengo ya tsanya imayoyola masamba, ndipo cimene cimaoneka patali ndi milambe cabe.

Eni dziko ndi Atonga. Kale makolo awo anali kulima m'mphepete mwa mtsinje wa Zambezi, pa dothi la conde losiyidwa ndi madzi osefukira, ndipo anali kukolola kawiri pa caka. Pamene damu la Kariba linali kumangidwa, pakati pa 1955 ndi 1959, anthu pafupi-fupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinje anasamutsidwa ndi kuikidwa ku malo a miyala ndi mcenga, ena mpaka ku Lusitu. Owerenga a ku Migodi ayenera kuidziwa nkhani imeneyi, pakuti cimodzi mwa zolinga za damulo cinali kupereka magetsi ku migodi ya kopa. Minda imene inamira ndiyo inayatsa nyale za kuno.

Masiku a cilimwe m'midzi yakutali amayamba kusanace. Amayi ndi atsikana amapita ndi zigubu ku mjigo, ndipo ngati mjigo wafa amakumba maenje mu mcenga wa mtsinje wouma ndi kudikira kuti madzi asonkhane pang'ono-pang'ono. Anyamata amatsegula khola ndi kukusa ng'ombe mtunda wautali kufuna msipu ndi madzi. Kawiri-kawiri anthu, ng'ombe, mbuzi ndi agalu amamwa pa malo amodzi. Mbewu zopirira dzuwa ndi mapira ndi mcewere, ngakhale kuti ambiri amabzalabe cimanga ndi kuyembekeza mwayi. Ena amalima thonje, ena amagwira nchito ya kapenta pa nyanja kapena ku mgodi wa malasha ku Maamba. Nkhokwe zikatha, ana amakhalira malambe, bwemba ndi masau. Cilala ca 1991 ndi 1992 anthu acikumbukabe, ca 2019 cinabweranso, ndipo ca 2024 cinali cacikulu kotero kuti pa 29 Febuluwale caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse.

Pa malo otere ng'ombe ndiyo nkhokwe yeni-yeni. Ndiyo imalima, ndiyo imakoka ngolo yonyamula wodwala kupita ku kiliniki, ndiyo malowolo, ndiyo imalipirira mwana amene wapita ku koleji, ndipo ndiyo imaphedwa pa maliro. Banja silipha ng'ombe kaamba kofuna ndiwo ai. Tsono ng'ombe ikapezeka yafa m'mawa, mwini wake wataya cuma cimene anasunga zaka zisanu kapena kuposa. Cimene cimabwera m'maganizo mwake ndi kupulumutsako kanthu: kusenda cikopa, kugawa nyama, kugulitsa ina pa mtengo wotsika, kusinthanitsa ina ndi cimanga, ndi kuumika yotsala kuti atumizireko ana ali m'tauni. Munthu wokhuta ndiye amafulumira kunena kuti umenewu ndi umbuli. Anthu a kucigwa amazidziwa ng'ombe kuposa aliyense wa m'tauni. Cimene cimawakankha ndi njala ndi kutaya.

Kodi anthrax n'ciani?

Anthrax ndi matenda a nyama zodya udzu, monga ng'ombe, mbuzi, nkhosa, mvuu, njati ndi njovu, ndipo munthu amawatenga kucokera ku nyamazo. Amayamba ndi kacirombo kosaoneka ndi maso kochedwa Bacillus anthracis. Kacirombo kameneka kali ndi khalidwe limodzi limene lifunika kumvetsetsedwa bwino, cifukwa malangizo onse a m'phunziro lino acokera pamenepo. Kakakhala mkati mwa thupi la nyama ndi kofooka, ndipo nyama yakufayo ikasiyidwa yosatumbula, tambiri timafa pamene ikuwola. Koma magazi akatuluka ndi kukumana ndi mpweya, kacirombo kamadzitsekera m'kacikwama kolimba ngati njere. Njere zimenezi sizimva dzuwa, sizimva mcere, sizimva utsi, ndipo zimakhala ndi moyo m'dothi kwa zaka makumi angapo. Malo amene anasenderapo ng'ombe agogo angathe kupha ng'ombe za adzukulu.

Ici ndico cifukwa cake matendawa amakonda nyengo yotentha ndi zaka za cilala. Udzu ukatha, ng'ombe imadya mpaka pansi ndi kumeza dothi. Ziputu zouma zimaicheka m'kamwa, ndipo njere zija zimapeza polowera. Madzi akacepa, ziweto zonse ndi nyama za kuchire zimasonkhana pa zithaphwi zocepa zotsala, pamene mvula ya zaka zam'mbuyo inakokolera dothi la malo ambiri. Nyama imodzi ikafera pamenepo, agalu, afisi ndi miimba zimamwaza zotsala zake.

Matendawa si acilendo m'Zambia. M'caka ca 1987 mvuu zoposa 4,000 zinafa mu mtsinje wa Luangwa. Ku Cigawo ca Kumadzulo, m'cigwa ca Barotse, amabuka kawiri-kawiri pakati pa oweta ng'ombe. M'caka ca 2011 anthu 511 anadwala ndipo asanu anamwalira m'boma la Chama, pambuyo pakuti mvuu zambiri zinafa ndipo anthu anagawana nyama yake. Ofufuza atafunsa anthu a kumeneko pambuyo pake, pafupi-fupi mmodzi mwa anai alionse ananena mosabisa kuti akapezanso nyama yofa yokha adzadya, kaamba ka njala ndi kusowa ndiwo. Mliri wa 2023 unayambira ku Sinazongwe, kumene ng'ombe, mbuzi ndi mvuu zinali kufa. Bungwe la World Health Organization linalengeza kuti pofika pa 20 Novembala caka cimeneco anthu 684 anali kuganiziridwa kuti adwala ndipo anai anamwalira, m'maboma 44 a m'zigawo zisanu ndi zinai mwa zigawo khumi za dziko lino. Mwa odwalawo, 287 anali a ku Sinazongwe. Boma linaletsa kwa kanthawi kuyendetsa ziweto ndi nyama kucokera m'madera okhudzidwa, ndipo linabaya katemera ng'ombe zambiri.

Ng'ombe ya anthrax nthawi zambiri siidwala masiku. Madzulo imalowa m'khola iri bwino, m'mawa yafa. Imatupa msanga, siiuma miyendo monga zicitira nyama zina zikafa, ndipo magazi akuda osagwirana angatuluke m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo. Amene anaitumbula amapeza kapamba wamkulu, wakuda ndi wofewa. Komabe zizindikiro izi sizioneka zonse nthawi iriyonse, motero lamulo ndi limodzi: ciweto cofa mwadzidzidzi cisasendedwe, cisatumbulidwe, cisakokedwe kudutsa m'mudzi. A vetenale auzidwe, ndipo nyamayo itenthedwe mpaka phulusa kapena ikwiriridwe m'dzenje lakuya mamita awiri, kutali ndi citsime. Kulemba lamuloli n'kosavuta. Kukumba mamita awiri m'dothi louma la Okutobala, pamene wa vetenale ali pa mtunda wa tsiku lathunthu, ndi nkhani ina.

M'mene amaonekera pa munthu

Mwa odwala khumi alionse, asanu ndi anai kapena kuposa amadwala anthrax ya pakhungu. Imagwira amene anasenda, kudula, kunyamula kapena kutsuka nyama, ndiponso amene anagwira cikopa. Ndiye kuti mayi amene akuduladula nyama youmika pakhomo pake ku Kawama, ali ndi kabala kakang'ono pa cala, ali pa ngozi yofanana ndi ya mnyamata amene anasenda ng'ombeyo kumudzi. Pakapita tsiku limodzi mpaka sabata, pamatuluka kacithupsa koyabwa ngati polumidwa ndi udzudzu, maka-maka pa dzanja, pa mkono, pa khosi kapena kumaso. Pa masiku awiri kapena atatu kamasanduka matuza, kenaka pakati pamagwa cilonda cimene cimauma ndi kuda bii ngati khala. M'mbali mwake mumatupa kwambiri, kuposa kukula kwa cilondaco.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasiyanitsa cilonda ici ndi cithupsa wamba. Coyamba, sicipweteka. Caciwiri, sicikhala ndi mafinya. Ndipo kusapwetekako ndiko kumanyenga anthu, cifukwa wodwala amaona kuti palibe cothamangira. Amayesa kufinya, kutema mphini, kupaka phulusa kapena mafuta a galimoto, ndipo masiku akupita. Popanda mankhwala, mmodzi kapena awiri mwa odwala khumi angathe kufa pamene tizirombo talowa m'magazi. Ndi mankhwala oyenera, olandiridwa msanga, pafupi-fupi onse amacira. Cilonda ca kumaso kapena pa khosi ndico coopsa kwambiri, pakuti kutupa kungatseke njira ya mpweya. Wodwala wotere asagone kunyumba kudikira kuti kuce.

Mtundu waciwiri ndi wa m'mimba, umene umabwera kaamba kodya nyama yosapsa bwino. Umayamba ndi nseru, kusanza, kutentha thupi ndi kusafuna cakudya, zinthu zimene aliyense angaziyese malungo. Kenaka m'mimba mumapweteka kwambiri ndi kutupa, ndipo wodwala angasanze magazi kapena kutsegula m'mimba mwa magazi. Ena amatupa pa khosi ndi kulephera kumeza. Mtundu uwu umapha anthu ambiri kuposa wa pakhungu, ndipo umafuna kugonekedwa m'cipatala ndi kulandira mankhwala a m'mitsempha. Cizindikiro cimene banja liyenera kuchera khutu ndi ici: anthu awiri kapena atatu amene anadya m'mbale imodzi adwala pa nthawi imodzi. Ulipo mtundu wacitatu, wa m'mapapo, umene umabwera popuma fumbi la zikopa kapena ubweya, koma ndi wosowa kuno.

Anthrax siyenda kucoka kwa munthu kupita kwa mnzake monga cimfine kapena cifuwa ca TB. Wodwala safunika kusalidwa kapena kupatsidwa mbale yake-yake. Cofunika ndi kuphimba cilonda ndi nsalu yoyera, kusamba m'manja ndi sopo, ndi kutentha nsalu zimene zacotsedwa pa cilondaco.

Mankhwala alipo ndipo si acilendo: penicillin, amoxicillin, doxycycline ndi ciprofloxacin. Wosankha ndi wa zaumoyo, cifukwa ena mwa mankhwalawa sayenera mayi wapakati kapena mwana wamng'ono, ndipo anthu ena thupi lawo limadana ndi penicillin. Makapisozi awiri ogula pa kantemba saciritsa, amangosokoneza zoyeza. Cina cimene odwala ayenera kudziwiratu n'cakuti cilonda cimapitiriza kuda ngakhale mankhwala ayamba kugwira nchito, ndipo nkhanambo yakuda ija imatenga masabata angapo kuti igwe yokha. Izi sizitanthauza kuti mankhwala alephera. Ambiri amasiya kumwa pa tsiku lacitatu ndi kupita kwa sing'anga kaamba kosadziwa mfundo imeneyi.

Ku kiliniki wodwala anene zonse. Wa zaumoyo wa m'tauni amaona zithupsa ndi malungo tsiku lililonse, ndipo anthrax saiona kawiri-kawiri, motero sangaiganizire ngati sanauzidwe kuti pakhomo panafika nyama ya kumudzi kapena kuti wodwala anali ku maliro kumene kunaphedwa ng'ombe. Ena amabisa poopa kuti nyamayo inali ya kuchire ndipo angamangidwe. Nchito ya kiliniki ndi kuciritsa. Matenda akakula, odwala amatumizidwa ku Kitwe Teaching Hospital kapena ku Ndola Teaching Hospital, ndipo ana a ku Ndola ku cipatala ca Arthur Davison.

Thumba likafika pakhomo

Apa ndi pamene pali povuta, cifukwa nkhaniyi ikhudza ulemu. Nyama youmika ya anthrax siisiyana maonekedwe kapena fungo ndi nyama yabwino. Njira yokha yodziwira ndi kufunsa, ndipo kufunsa mkulu amene wayenda usiku wonse ndi mphatso si cinthu capafupi. Komabe mayi wanzeru amapeza mau ake. Mlendo atapumula ndi kumwa madzi, angathe kuyamba ndi za kumudzi: "Amalume, ziweto ziri bwanji caka cino kumeneko? Kodi iyi munacita kupha, kapena inagwa yokha?" Akuluakulu ambiri amayankha zoona, cifukwa kwa iwo si nkhani ya manyazi. Yankho likakhala lakuti inagwa yokha, kapena kuti ng'ombe zingapo zafa m'mudzimo mwezi umenewo, kapena kuti ndi mvuu imene inapezeka yoyandama, nyamayo isaphikidwe.

Ena amati moto umapha zonse. N'zoona kuti kuphika kwa nthawi yaitali kumacepetsa ngozi ya m'mimba, koma nyama isanafike mu mphika yadutsa kale m'manja, pa mpeni ndi pa thabwa lodulira, ndipo yowocha pa mbaula kawiri-kawiri imatsala yaiwisi mkati. Nyama yokayikitsa isapatsidwe agalu, isatayidwe m'ngalande kapena pa dzala pamene ana amasewera, ndipo isagulitsidwe kwa anansi. Woigwira avale mapulasitiki m'manja, aimange m'thumba, ndi kuuza a zaukhondo a ku kiliniki kuti athandize kuitentha. Mipeni iwiritsidwe kwa theka la ola, thabwa litenthedwe. Onse amene anaigwira kapena kudyako akaonekere ku kiliniki ngakhale akumva bwino.

Cimodzi-modzi ndi nyama ya m'tauni momwemo. Ya m'buchala yoyezedwa imakhala ndi cidindo ca oyeza nyama. Ya m'beseni yoyenda nayo madzulo khomo ndi khomo, ya mtengo wotsika modabwitsa, palibe amene anaiona iri yamoyo.

Za mkaka tingazikambe mwacidule. Mkaka wosasa, umene Atonga amaucha mabisi, ndi cakudya cabwino, koma ukapangidwa ndi mkaka wosawiritsa ungabweretse matenda ena awiri. Oyamba ndi brucellosis, amene amacititsa ng'ombe ndi mbuzi kutaya mabere. Pa munthu amabwera ndi kutentha thupi kobwera ndi kupita, thukuta la usiku, kuwawa kwa msana ndi mfundo, kwa masabata kapena miyezi. Wodwala amamwa mankhwala a malungo kangapo osacira, pamene ofunika ndi mankhwala a mitundu iwiri omwa masabata asanu ndi limodzi. Aciwiri ndi TB ya ng'ombe, imene imadziwika kwambiri ku madambo a Kafue, kumene ng'ombe zimadya pamodzi ndi nyama za kuchire, ndipo pa ana imakonda kutupitsa mwanabere wa m'khosi. Kusasa kwa mkaka sikupha tizirombo tonse. Mkaka uyambe wawira, uzizire, ndipo pambuyo pake usasitsidwe.

Cimene wa m'tauni angacite kumudzi

Katemera wa anthrax wa ziweto alipo kuyambira m'zaka za m'ma 1930, pamene Max Sterne anamukonza ku Onderstepoort m'dziko la South Africa, ndipo mpaka lero ndiye cida cacikulu. Mphamvu yake imakhala pafupi-fupi caka cimodzi, motero ng'ombe ziyenera kubayidwa caka ndi caka, nyengo yotentha isanafike. Kubaya mliri utayamba kale kumathandiza, koma khola limakhala litacepa. Oweta ena amabisa ng'ombe pa tsiku la katemera poganiza kuti jakisoni ndiye amazipha, cifukwa anaonapo ng'ombe ikufa patangopita masiku awiri ibayidwe. Ng'ombe yotero inali itatenga kale matenda, pakuti katemera amafuna sabata imodzi kapena awiri kuti ayambe kuiteteza.

Anthu ambiri a ku Kawama ali ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri m'khola la atate awo kapena la amalume awo, ndipo mau awo amamveka kumudzi cifukwa ndiwo amatumiza ndalama. Poimba foni m'mwezi wa Juni kapena Julayi, angafunse ngati a vetenale anafika, ndipo ngati sanafike angathandize ndi ndalama ya ulendo wokawaitana. Thumba la ufa ndi kapenta zotumizidwa mu Seputembala, nkhokwe zitayamba kupepuka, zimapatsa banja mphamvu yokwirira ng'ombe yakufa m'malo moisenda. Mwana wa m'tauni amene apita kumudzi pa holide ya Ogasiti kapena Disembala auzidwiretu kuti asathandize kusenda ciweto cofa cokha ndipo asagone pa cikopa catsopano, ndipo akabwera makolo amuyang'ane m'manja, m'mikono ndi m'khosi kwa sabata yoyamba.